Mpaka pa Khomo la Kapitawo

Kapitawo ananena mawu ake ali chiimire panja, osalowa m'nyumba, ngati kuti kufa ziwalo n'chimfine choti munthu angatengere. Anati fakitale ya sopo si chipatala. Nyumba za kuseri kwa mpanda n'za anthu ogwira ntchito, ndipo mlonda wa pageti wosayenda si mlonda. Koma poti iye ndi munthu wachifundo, madalawo awapatsa mpata.

"Lolemba loyamba la mwezi wamawa mudzayende nokha kuchokera pageti mpaka pakhomo la ofesi yanga. Ndodo ndilola, koma wokugwirani ayi. Mukadzafika, ntchito ndi yanu, nyumba ndi yanu. Mukadzalephera, mudzandipatse makiyi."

Amayi okulunga sopo amene ankatunga madzi pampopi anamva zonse. Anamvanso Mphenzi, mwana wamkazi wa mlondayo, ndipo akanapanda kupondedwa chala ndi azakhali ake, kapitawoyo akanapita kwawo makutu akulira. Dzina la Mphenzi analitenga kubwalo la masewera, kumene ankathamanga mipikisano ya mtunda wautali, koma kunyumba ankati dzinalo linamuyenera chifukwa cha pakamwa. Aliyense pamzere wa nyumbazo ankadziwa chifundo cha kapitawo kuti n'chotani. Mlamu wa kapitawoyo anali atadutsa kale kawiri konse, akuyeza mawindo ndi maso ngati munthu wofuna kusoketsa makatani.

Sitiroko inawagwira bambo ake ali pageti pomwepo, atangotsekulira lole. Inawasiyira mwendo wamanzere wolemera ngati thumba la mchenga, dzanja lopindika, ndi pakamwa pokhota pang'ono. Kuchipatala anati akhoza kudzayendanso akamalimbikira, koma sananene kuti liti. Munthu anali atatsekula geti limenelo kuyambira Mphenzi asanabadwe, mvula ndi dzuwa, lero n'kumuuza kuti ayende ngati nyama ya pamsika yoonetsa ogula kuti siyotsimphina!

Kulusa kutatha, chinatsala ndi mantha. Analibe kwina kolowera. Azakhali anabwera m'nyumba momwemo amuna awo atamwalira, ndipo ntchito ya Mphenzi yosita zovala za anthu m'tauni sikanawapezera ngakhale khonde. Akamasita, ankangoona matiresi awo ali m'mbali mwa msewu, mapoto ali m'beseni, bambo ake atakhazikidwa pamwamba pa katundu anthu akudutsa n'kumawayang'ana. Tsiku lina anapsereza kolala ya shati ya mwini wake chifukwa cha zomwezo.

Chimene ankachidziwa pamoyo wake chinali chimodzi, kuthamanga. Akochi ake ankanena kuti mtunda wautali suthamangidwa wonse, umapha munthu m'mutu asanauyambe. Umathamanga kukafika pa pholo la magetsi ilo basi. Ukafika, wapambana, ndiye usankhe lina. Choncho Mphenzi anatenga mpando wa pulasitiki, woyera, wosweka chogwirira chimodzi, n'kuuika pakhomo la kuchipinda.

"Ababa, za geti ziiwaleni. Lero dziko lonse lathera pampandowu."

Bambo ake anamuyang'ana, n'kufunsa mlongo wawo ngati iwo anabereka mwana kapena msilikali. Komabe anadzuka. Anatuluka thukuta ngati akukankha lole yofa, ndodo ikunjenjemera, phazi lodwalalo likukhwekhwereza pansi, mpaka anadzigwetsa pampando akupuma ngati mvukuto. Mawa lake mpando unapita pabalaza. Kenako pakhonde. Sabata isanathe unali panja, pamng'alu wa simenti pafupi ndi mpopi, ndipo madalawo anayamba kuchita nthabwala kuti akachira adzalowa nawo mpikisano, amuchititse manyazi mwana wawo.

Koma Mphenzi sankaseka. Ankadziwa kuti kuchoka pageti kukafika ku ofesi n'kutali kuposa pamng'alupo maulendo angapo, ndipo mwezi unkatha ngati sopo woiwalika m'madzi. Azakhali akati kuthamanga si kufika, iye ankayankha kuti kukwawanso si kufika. Ndiye anakumbukira zimene Akochi ankamuchita ali wamng'ono. Pabwalo ankaika chigubu chachikasu potembenukira, ndipo iye akakhala kuti sakuona, ankachikankhira patsogolo kuti athamange mtunda woposa umene akuganiza.

Bambo ake poyenda sankayang'ana kutsogolo. Maso awo ankakhala paphazi lodwala, kulilondera ngati wakuba. Choncho m'mawa wina, iwo akuyandikira, Mphenzi anakoka mpando mwakachetechete n'kuubweza m'mbuyo pang'ono. Anafika, ali wefuwefu, osazindikira kanthu. Mawa lake anaukokanso. Tsiku linalo mtima unamuthamanga, anakoka mpandowo kwambiri.

Madalawo ankadziwa kuti mpando umakhala patsogolo pang'ono pa mng'alu. Phazi litawoloka mng'aluwo, anatulutsa mphamvu zonse zimene anasunga, anatambasula dzanja labwino osadzutsa mutu, n'kutsamira. Dzanja linagwira mphepo.

Phokoso la mutu wa munthu pasimenti silikhala lalikulu. Linangoti du, ngati dzungu. Ndodo inagubuduka kukalowa pansi pa mpopi. Mphenzi anaona magazi akutuluka pamwamba pa diso, maso atatembenuka kuonetsa koyera kokhakokha, mwendo wabwino ukugwedezeka wokha. Anagwada, anawagwira mutu, anaitana ababa, ababa, mawu osatuluka bwino. Kuchipatala anali atachenjeza kuti ikabweranso yachiwiri, nthawi zambiri imatenga munthu. Ndawapha, anaganiza. Ndawapha ndi manja angawa, kapitawo sanawakhudze n'komwe. Azakhali anabwera ndi nsalu yonyowa akupemphera mosakaniza ndi kutukwana.

Patapita kanthawi kotalika ngati chaka, maso anabwerera. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana mpando uli potero.

"Mpandowu unali apa," anatero motsitsa.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Kuchipatala anasoka chilondacho n'kunena kuti si sitiroko ina, koma atabwerera kunyumba madalawo anagona n'kutembenukira kukhoma. Mpando ukabwera ankatseka maso. Ndodo ikawakhudza, ankaikankhira kutali. Anauza mlongo wawo kuti ayambe kufunsa makatoni kugolosale, alongedze mbale.

Mphenzi anapita kubwalo m'mamawa, osati kukathamanga. Anawapeza Akochi atakhala pabenchi, wezulo ili m'khosi, akusisita bondo lawo lakale lija. Anawafotokozera zonse, ndipo pomaliza anawaloza chala n'kunena kuti nzeru yoipayo anaitenga kwa iwo.

Akochi sanakane. Anangomufunsa ngati anaiwala mmene nkhani ya chigubu inathera.

"Tsiku limene unazindikira, unandigenda nacho chigubucho. Chipsera chake ichi. Ndiye chaka chonse unkathamanga ngati munthu wonyamula mazira, kusunga mphamvu chifukwa sunkadziwa kuti pothera mpati. Unayamba kugonja kwa ana amene unkawasiya kutali. Ndinasiya zimenezo chifukwa cha iwe, ndiye iwe wakazitola kudzala?"

Mphenzi anayang'ana nsapato zake. Akochi anapitiriza, osakweza mawu. Anati wothamanga amapirira chilichonse bola mzere ukhale pamene anauzidwa. Malire amanena ndi mwini miyendo, ndi pakamwa pake, wina ntchito yake n'kuwasunga. Anamuuzanso kuti apite akaione njirayo ndi maso, poti palibe amene amalowa mpikisano panjira imene sanaiyendepo, ndipo tsiku lomaliza asadzawadzutse madalawo ngakhale mtima utamuyabwa chotani.

Kupepesa sikunali ntchito imene Mphenzi ankaidziwa. Analowa kuchipinda ndi mpando uja, anauika pafupi ndi bedi, anakhala pansi. Ananena kuti anaukoka ndi iyeyo, masiku atatu onse, ndipo anachita zofanana ndi za anthu amene iye amadana nawo. Anati kuyambira lero saukhudzanso. Anene okha poti uikidwe, ngakhale pakhale pomwepo pambali pa bedi.

Tsiku lonse bambo ake anagona atatembenukira kukhoma. Azakhali anabweradi ndi makatoni n'kuwaunjika pakona. Mawa lake, Mphenzi akumanga nsapato kuti azipita kuntchito, anamva mawu kuchipinda.

"Pamng'alu. Koma mlongo wanga akhalepo mpaka ndifike. Ameneyo sasunthika ngakhale ndi lole."

Azakhali anati mwano umenewo ndi umboni woti munthuyo wachira, ndipo anakakhala pampandopo atapinda manja ngati woweruza. Madalawo akafika, iwo ankanyamuka n'kuwagwirira mpandowo. Kuyambira pamenepo malire ankanena okha. Tsiku lina ankati pachingwe choyanikira, lina ankati pomwe paja padzulo, ndipo Mphenzi ankaluma mlomo osatsutsa. Chodabwitsa n'chakuti masiku ena ankatchula malo akutali kuposa amene iye akanayerekeza.

Njira anakaiona ponamizira kukatenga jekete la bambo ake m'kanyumba ka pageti. Anaiyenda pang'onopang'ono. Kuchoka pageti panali chitsulo cha m'mbali mwa sikelo ya malole. Kenako mzere wa migolo ya mafuta. Kenako ngalande yodutsa pakati pa bwalo, yovundikira ndi zitsulo, mmene munkayenda madzi a thovu ochokera m'fakitale. Simenti ya m'mbali mwake inali yoterera moti iye mwini, wa miyendo yabwino, anatsala pang'ono kukhala pansi. Kutsidya kwake kunali khoma, ndipo kumapeto kwa khoma chitseko chobiriwira cha kapitawo.

Atawafotokozera, bambo ake anamuseka kuti akuwaphunzitsa bwalo limene alisesa ndi maso moyo wawo wonse. Anadula okha njirayo. Sikelo, mgolo womaliza, ngalande, khoma, chitseko. Anamulamula kuti azithira madzi ochapira pasimenti kuti aphunzire kuponda ponyowa, ndipo nthawi iliyonse akamaponda, Mphenzi ankamvanso phokoso lija la dzungu m'mutu mwake. Mpaka Loweruka lomaliza, mtunda umene ankayenda pakhomo unali usanakwane wa kufakitale. Unkaperewera ngati utali wa khoma lija. Lamlungu anawasiya agone. Iye anachapa zovala zoyera kale, anakwecha mapoto okwecha kale, anakangana ndi mwana wa oyandikana nawo popanda chifukwa.

Lolemba kunacha kopanda mtambo. Madalawo anavala yunifomu yawo, azakhali anawamanga mabatani, ndipo woyendetsa lole wina anawanyamula mpaka pageti. Azakhali anatsalira kunja kwa mpanda, mpando uli pamutu. Mphenzi analowa ndi bambo ake, manja atawapinda kumbuyo n'kugwirana zala mwamphamvu, poopa kuti angawagwire osadziwa n'kuwononga zonse.

"Sikelo," anatero bambo ake, osauza munthu.

Anayamba. Ndodo, phazi labwino, phazi lodwala. Onyamula makatoni anachepetsa liwiro. Wina anakuwa kuti limbani madala, mnzake anamutontholetsa. Pasikelo anaima, anapuma, anati mgolo. Pamgolo womaliza thukuta linali litadutsa kale pachipsera n'kulowa m'diso, ndipo analibe dzanja lopukutira. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana ngalande. Madzi a thovu anali atasefukira kuposa tsiku lija, ngati kuti wina watsuka pamenepo mwadala m'mawa womwewo.

Ndodo itaponda pachitsulo inaterereka. Thupi lonse linapendekera kumanzere, kumbali yakufa. Mphenzi anamva zala zake zikulira kumbuyo, anamva mchere wa magazi mkamwa, bwalo lonse linachita mdima m'mbali. Mayi wina anagwira pakamwa. Koma ndodo inakodwa pampata wa zitsulo, madalawo anagwedezeka, anagwedezekanso, n'kuima. Anakoka phazi lodwala kuliwolotsa ngati akukoka mbuzi yokana.

"Khoma."

Gawo lomalizali anali asanaliyendepo ndi kale lonse. Phewa linkakhula khoma, mpweya unkalira pakhosi. Mphenzi ankayenda pambali akuwerenga njerwa kuti asakuwe. Kenako ndodo inagogoda chitseko chobiriwira, ndipo madalawo anatsamiritsa mphumi pathabwa.

Chitsekocho chinali chokiya.

"Madala!" Mawu anachokera kumwamba. Kapitawo anali atatsamira chitsulo pamwamba pa masitepe opita kosungira katundu, kapu ya tiyi ili m'manja. "Lero ndikugwirira ntchito kuno. Ofesi ndi pamene pali ine. Kwerani tikambirane."

Masitepewo anali achitsulo, otsetsereka, oonekera pansi. Mphenzi sanadziwe kuti wafika bwanji pamenepo, anangopeza phazi lake lili pasitepe yoyamba, manja atamasuka, m'makutu mukulira. Ankafuna kukamutsitsa munthuyo ndi kolala, tiyi wake yemwe.

"Iwe. Bwera kuno."

Anatembenuka. Bambo ake anali atatembenuza msana n'kuutsamiritsa kuchitseko, nkhope itatuwa.

"Ukamumenya, watipatsa makatoni. Anati khomo ili. Ine ndafika. Mpando sungandithawe kawiri."

Mphenzi anabwerera. Anaona bondo labwino la bambo ake likugwedezeka m'kati mwa buluku, ndipo anamvetsa chimene kapitawo ankadikira. Sankafunika kutsika. Ankangofunika kumwa tiyi wake pang'onopang'ono mpaka madalawo agwe pamaso pa anthu, ndiye adzanene kuti mwaona nokha.

"Ndipatse pholo la Akochi ako lija," ananong'ona bambo ake. "Sindikuona bwino."

Mphenzi anamwaza maso pabwalo. Anawauza kuti aime mpaka lole yofiira ija ithe kubwerera m'mbuyo, basi, osapitirira. Loleyo inabwerera, inalira, inaima. Anawauza kuti afika. Anafunsa ngati akufuna lina, ndipo iwo anagwedeza mutu kuvomera. Mpaka dalaivala atsike n'kutseka chitseko. Anatsika, anatseka. Mpaka njiwa ili padenga iuluke. Njiwayo inachedwa, mwana wa mfiti, inkangoyendayenda ikujompha malata, ndipo Mphenzi anaona ndodo ikuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono pasimenti. Sanawanamize. Anati idakalipo, ababa, idakalipo. Kenako inauluka.

Atafuna kuwapatsa wonyamula makatoni kuti akhale pholo lotsatira, anapeza kuti palibe amene akunyamula kanthu. Bwalo lonse linali litaima. Makatoni anali pansi. Amayi okulunga sopo anali atatuluka pakhomo la fakitale, manja ali mbuu. Mmodzi wa iwo, yemwe anali pampopi tsiku lija, analankhula ngati akuuza mnzake koma mokweza kuti mawu afike kumwamba.

"Ife tinamva khomo la ofesi. Zaka zonsezi potikalipira amatiitanira pachitseko chobiriwirachi. Kapena chasamuka usiku?"

Ena anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Kapitawo anakuwa kuti aliyense abwerere pantchito, koma palibe anasuntha. Madalaivala amene ankadikira katundu anayamba kuliza mahutala. Kumtunda, kunyumba ya mabwana, windo linatseguka ndipo mutu unasuzumira kufuna kudziwa chaimitsa ntchito n'chiyani. Kapitawo anauona mutuwo. Anaika kapu pansi.

Anatsika masitepe msangamsanga, akumwetulira ngati zonse zinali nthabwala, n'kunena kuti amangofuna kuona ngati madala akadali ndi mtima wa chilonda. Mawa abwere pageti.

"Nyumba?" anafunsa madalawo. Mawu anatuluka okhota, koma anamveka.

"Nyumbanso. Aa, madala, nanga ine ndingakuchotseni?"

"Nenani mokweza. Khutu ili linafa limodzi ndi mwendo."

Khutulo linali labwinobwino, Mphenzi ankadziwa. Kapitawo anayang'ana anthu, anayang'ana windo lija, ndipo ananena mokweza kuti ntchito ndi nyumba ndi za mlonda. Atatero anatembenuka n'kuyamba kukalipira onyamula makatoni.

Apo bondo linagonja. Mphenzi analiona likupinda ndipo anatsegula manja, koma azakhali anali atadutsa kale pageti osapempha munthu, akuthamanga mmene sanathamangirepo chibadwire, mpando uli patsogolo ngati chishango. Anauponya kumbuyo kwa mlongo wawo. Mphenzi anagwada n'kugwira miyendo iwiri yakutsogolo ya mpandowo, anaikanikiza pasimenti ndi mphamvu zake zonse.

Bambo ake anali atatseka maso, ndodo ikugwa m'manja.

"Uli pomwepo?"

"Uli pomwepo, ababa. Ndaugwira."

Anakhala osacheuka.